Anganga Anga ndi Galimoto za KA

Ndikakumbukira anganga anga, Che Sumani, chimayamba kundifika m'mphuno ndi fungo la mphira wa matayala akale ataombedwa ndi dzuwa la chilimwe, losakanikirana ndi la guluu womatira machubu komanso utsi wa dizilo umene malole ankatisiyira podutsa pa Phalula. Anali ndi chisakasa chaudzu pansi pa mtengo wa nimu, m'mphepete mwenimweni mwa msewu waukulu wopita ku Blantyre. M'chisakasamo munali pampu yolira ngati mbuzi ya chifuwa, zitsulo zovulira matayala, ndi theka la mgolo lodzaza madzi akuda bii, momwe ankamiza chubu n'kumachizunguza pang'onopang'ono mpaka thovu litaulula pamene msomali waboola. Ine ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pa tayala la thirakitala, miyendo ili lendelende, ndikuswa mtedza wa agogo aakazi, amene ankagulitsa tomato ndi malambe kutsidya kwa msewu.

Anganga anali Myao wa ku Machinga, pafupi ndi boma, kumene iwo mpaka imfa yawo ankakutchulabe kuti Kasupe. Ku Phalula anabwera kudzakwatira agogo anga, a Nangozo, Mngoni wa Chikatolika wosasowa mawu. Nthawi ya swala ikakwana anganga ankayala chiguduli kuseri kwa chisakasa, Lamulungu agogo ankamanga duku loyera ulendo wa ku tchalitchi, ndipo sindinawamvepo akukangana za Mulungu. Ankakangana za mbuzi, za mchere wa m'ndiwo, ndi za galimoto.

Sukulu anganga sanapiteko, anangophunzira kumadarasa. Zilembo za Chizungu anazidziwira pamwamba pa lole, ali mnyamata wokweza ndi kutsitsa katundu, dziko lonse lino akulizungulira atakhalira matumba. Nyuzipepala sankatha kuwerenga, koma nambala ya galimoto ankaiwerenga ikadali kutali, ili mbuu m'kati mwa nthunzi ya pa tala. Ankatsinzina diso limodzi, n'kunena osaleka kupopa tayala.

"MJ ameneyo, wa ku Mulanje. Uyo akum'tsatirayo ndi NU, anansi athu a ku Ntcheu. Waona, Atupele? Zilembo zoyambazo zimanena boma limene galimoto inalembetsedwa. Manambala akutsogolowo ndi a iwo eni ake a boma, ife sitikhudzidwa nawo."

Ndi mmene ndinadziwira kuti ZA ndi Zomba, TO ndi Thyolo, RU ndi Rumphi, ndisanaone n'komwe mapu a dziko lathu. Ndipo galimoto ikaima kuti amate tayala, anganga ankayamba asuzumira kaye nambala, kenako n'kupereka moni m'chiyankhulo cha kumeneko. Wa MZ, ya ku Mzimba, ankalandira "Monire," wa MHG, ya kwawo ku Machinga, ankalandira "Ajimwiche uli?" pamodzi ndi kumwetulira konse, chipando chokhalira, nthawi zina ndi chinangwa chootcha.

Dera lathu litadulidwa ku Machinga n'kukhala boma palokha, zinawatengera nthawi kuti azolowere. Tsiku limene anaona koyamba nambala ya BLK anaima n'kuiyang'ana mpaka inakazimiririka.

"Ndinagona ku Machinga, ndadzuka ndili ku Balaka, mphasa yake yomweyo," anatero akupukusa mutu.

"Ndiye mwakhala mlendo kawiri," agogo anayankha ali kutsidya. "Bwerani mudzandithandize kunyamula dengu, alendo inu."

Ndinali mu Sitandade 4 pamene nkhani ya agogo a ku Karonga inachitika. Linali tsiku lotentha kwambiri, nyenje zikulira m'mitengo moti makutu kuchita kugontha. Basi yaikulu yochokera kumpoto inaima pang'ono kumtunda kwa chisakasa chathu, anthu ena n'kutsika kukadzithandiza kutchire, ena kugula malambe pawindo. Kondakitala anamenya chitseko, basi n'kunyamuka. Fumbi litakhazikika tinaona mayi wachikulire, wamfupi, wowonda, akutuluka m'tchire akukonza chitenje. Anayang'ana pamene panali basi paja. Anayang'ana kumtunda, anayang'ana kumunsi, kenako anayamba kuthamanga pakati pa msewu manja ali m'mwamba, nkhwaira imodzi n'kuvuka.

Anganga anataya pampu n'kuwathamangira, poti kumbuyo kunkabwera thankala ya mafuta. Anawakokera pambali n'kuwakhazika pa tayala langa lija. Mayiwo ankayankhula mofulumira mawu amene palibe anawamva mwa anthu onse amene anasonkhana. Amayi a tomato anawafunsa m'Chichewa, osayankha. Anganga anayesa Chiyao, anayesa ka Chilomwe kamene ankadziwa, anayesa Chitumbuka, mayiwo n'kungotembenuza mutu pang'ono ngati munthu amene wamva dzina lake likutchulidwa kutali. Ndiye anganga ananjuta patsogolo pawo, navula kofiya.

"Mwaghona?"

Mayi aja anadzutsa mutu. "Ndagha!" anakuwa, n'kuwagwira manja onse awiri, mawu n'kuyamba kukhuthuka ngati madzi a pampopi.

Koma Chinkhonde cha anganga chinali chitathera pa moni womwewo.

"Awa ndi a ku Karonga," anauza anthu aja. "Koma zimene akunenazi, iyayi, ine sindikutolapo kanthu."

Chikwama chawo chinali chitapita ndi basi. Anganga anakanena kwa apolisi a pa rodibuloko, ndipo kunabwera wapolisi wina wa ku Mzimba amene anakhala nawo nthawi yaitali akuyesa Chitumbuka. Anangotolapo zoti akupita ku Blantyre kwa mwana wawo. Koma Blantyre yake iti? Ndirande, Bangwe, Chilomoni? Wapolisiyo analonjeza kutumiza uthenga, n'kupempha kuti pakadali pano wina awasunge. Agogo anga a Nangozo sanadikire kuti anganga awafunse. Anatola nkhwaira ija pamsewu, n'kuwagwira mkono mlendoyo.

Titafika kunyumba agogo anandiitana. "Atupele, katunge madzi alendo asambe."

Mlendo uja anatembenuka ngati walumidwa ndi mavu. "Atupele?" anafunsa, akundiloza. Ndinavomera ndi mutu. Anandikoka n'kundigwira nkhope ndi zikhatho zawo zokhakhala, akubwereza dzina langa, misozi ili chuchuchu. Sitinadziwe chifukwa chake. Kuyambira pamenepo sankafuna kundisiya. Ndikapita kuchitsime ali pambuyo panga, ndikakhala pakhonde akhala pambali panga n'kumandipesa tsitsi, akundiuza nkhani zazitali zimene ndinkangoyankha kuti "eee." Ana a m'mudzi anawapatsa dzina loti agogo a Ndagha.

M'mawa mwake anamasula mfundo ya pakona ya chitenje chawo n'kutulutsa kachipewa ka mwana wakhanda, koluka ndi ulusi wachikasu, kosatha mbali imodzi. Anakaonetsa agogo, analoza mimba yawo n'kujambula ndi manja mimba yaikulu, kenako analoza njira ya ku Blantyre. Agogo anakatenga kachipewako, nakatembenuza, n'kuitana anganga.

"Che Sumani," anatero, "mwana wa mayiwa ndi wodwala pakati, ndipo masiku ake akwana. Mayiwa akufunika kumeneko."

Anganga anavala kofiya. "Msewu uwu umadutsa dziko lonse. Galimoto ya KA ikadutsa pano, m'menemo muli munthu womva Chinkhonde. Ndiiimitsa."

Ntchito ya matayala inaima. Anganga anakaima padzuwa m'mphepete mwa tala, diso limodzi lotsinzina, akusefa galimoto iliyonse. Za KA sizinali zambiri. Yoyamba inali yofiira, yonyezimira, ndipo inaimadi. Anganga anathamangira pawindo ndi "Mwaghona" wawo. Mnyamata wa magalasi akuda amene ankayendetsa anawayang'ana modabwa.

"Mwati chiyani, madala?"

"Simuli a ku Karonga inu? Nambala yanuyi..."

"Aaa, ine ndine wa ku Limbe. Karonga ndimangoimva pa wailesi. Galimotoyi ndinagula kwa munthu, nambala inabwera nayo."

Ina inadutsa osaima, n'kuwathira fumbi. Ina inali ya bambo wa ku Dedza amene anangogwirako ntchito ku Karonga kanthawi kochepa, ndipo Chinkhonde chake chinali chofanana ndi cha anganga. Madzulo anganga anabwera kunyumba milomo itauma. Ndinali ndisanawaonepo atagonja chotero. Zilembo zimene anazikhulupirira moyo wawo wonse zinali zikuwanamiza pamaso pa mudzi wonse, ndipo anyamata a pa malo okwerera basi anali atayamba kale kuwakuwiza kuti "KA iyo, madala!" ngakhale ikudutsa ngolo.

Mlendo wathu naye zinthu zinayamba kuipa. Analeka kudya. Ankangoluka kachipewa kaja ndi timitengo tiwiri timene anasema yekha, n'kumasula, n'kulukanso. Tsiku lina masana tinangoona pakhonde palibe munthu. Ndinawapeza patali ndithu, akuyenda wapansi m'mbali mwa msewu kulowera ku Zalewa, mapazi ali pa tala wotentha. Ndinawagwira chitenje ndikulira, ndipo anabwerera chifukwa cha kulira kwangako basi.

Ndinkayembekeza kuti agogo awaseka anganga monga mwa masiku onse. Koma m'mawa wotsatira anawotcha mbatata, nathira thobwa m'chigubu, n'kukatula pa chisakasa.

"Inu muziyang'ana zochokera kumtunda," anatero. "Atupele aziyang'ana zochokera kumunsi, lero kusukulu sapita. Ine zilembo zanuzo sindizidziwa, koma ndili ndi pakamwa. Ikaima, muzindisiyira ineyo."

Dzuwa lili paliwombo kunatulukira lole yobuluu yolemedwa ndi matumba, ikuyenda mopendekeka. Anganga anaiwerenga ikadali kutali. Sanaime pambali ulendo uno. Analowa mumsewu akugwedeza kofiya, lole n'kulira mabuleki mpaka kuima pafupi nawo penipeni. Dalaivala anatsika atakwiya.

"Mukufuna kufera pa galimoto yanga, akulu inu?"

Chichewa chake chinali cha ku Ntcheu chenicheni. Ndinaona mapewa a anganga akugwa. Koma agogo anali atafika kale, ndipo sanamupatse mpata. Anamulozera mlendo uja, anamuonetsa kachipewa, anamufotokozera zonse mpweya umodzi, n'kumaliza ndi kumufunsa ngati iye anabadwa kwa mkazi kapena anagwa mumtengo. Dalaivala uja anakanda m'mutu.

"Pepani, mayi. Loleyi ndi ya ku Karonga ndithu, ndi mpunga uwu ndanyamula, koma ine ndine waganyu chabe, chiyankhulo chawo sindichimva. Komatu dikirani. Mumsika wa Balaka muli mayi wina amene ndimamutsitsira matumba, ndamutsitsiranso lero lomwe. Amatchedwa mayi Lusubilo. Ameneyo ndi wa komweko, akamayankhula ndi abwana anga ine ndimangoyang'ana kumwamba."

Anganga anamugwira dzanja osalisiya, akuti "Sikomo, sikomo," ngati kuti dalaivalayo ndi wa MHG.

Tinaimitsa matola opita ku Balaka, koma mlendo wathu ataona galimoto anakana kwamtuwagalu kukwera. Anakhala pansi, n'kugwira muzu wa nimu. Ndani akanamuimba mlandu? Galimoto yomaliza imene anakwera inamutaya pakati pa anthu osamumva. Ndiye anganga anandinyamula n'kundikhazika pamwamba pa matumba a chimanga. Mayi aja anandiyang'ana, anayang'ana muzu uja, n'kudzuka okha.

Kanali koyamba ine kufika ku Balaka. Ndimakumbukira mabelu a njinga za kabaza, njanji zonyezimira zimene tinadumpha, fungo la usipa ndi la mafuta okazingira tchipisi, ndi dzanja la agogo a Ndagha litandifinya mkono mpaka kuchita dzanzi. Anganga ankafunsa benchi ndi benchi. Tinawapeza mayi Lusubilo ali chiweramire, akupeta mpunga m'lichero, mayi wonenepa wa mawu aakulu. Anganga anayamba kufotokoza, koma sanamalize. Mayi Lusubilo anayang'ana mlendo wathu, nanena mawu ochepa chabe m'Chinkhonde.

Sindidzaiwala phokoso limene linatuluka m'kamwa mwa agogo aja. Sikunali kulira, sikunali kuseka. Anagwada pakati pa matumba, n'kuyamba kuyankhula, kuyankhula, kuyankhula, mayi Lusubilo akuvomera, akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, ogula ataima ndi mabeseni awo osadandaula.

"Dzina lawo ndi a Tumpale," mayi Lusubilo anatimasulira. "Aka n'koyamba kutuluka m'mudzi mwawo. Mwana wawo wamkazi ali ku Ndirande, mwamuna wake ndi kalipentala. Mimba ziwiri zinapita padera, ino ndi yachitatu, ndipo anawaitanitsa kuti adzakhale naye pochira. Akuti usiku sagona, akuganiza kuti mwana wawo wafa iwo ali pamsewu." Kenako anandiyang'ana. "Iwe ndiwe Atupele? Mwana wawoyo dzina lake ndi lomwelo. Kwathunso lilipo dzina limeneli, ndi la Chinkhonde."

"Iyayi, ndi la Chiyao," anatero anganga. "Ndinam'patsa ndine."

"Kwanu limatanthauza chiyani?"

"Watipatsa."

"Kwathunso chimodzimodzi."

Anganga anaseka koyamba m'masiku onse aja.

Nthawi imeneyo mafoni a m'manja anali a anthu owerengeka. Mayi Lusubilo anasiyira mnzawo benchi, n'kupita nafe pa kanyumba koimbira telefoni. Anaimbira mlongo wawo ku Karonga, amene anakwera njinga kupita kumudzi kwa a Tumpale. Kumeneko anapeza anthu atasonkhana ngati pamaliro, poti uthenga unali utafika woti chikwama chapezeka pa depoti ku Blantyre koma mwini wake palibe. Mkamwini anali atazungulira zipatala ndi mapolisi a mu mzinda, osaganiza kuti apongozi ake ali kutali chotere. A kumudziko ndi amene anamutumizira uthenga woti apongozi akewo ali ku Phalula.

Tsiku lotsatira, chakum'mawa, pa chisakasa panaima pikapu yoyera yakutha. Anganga anasuzumira nambala mwachizolowezi: MHG. Nkhope yawo inawala, n'kupita pawindo ndi "Ajimwiche uli?" Munthu wamtali amene anatsika anangowayang'ana, kenako maso ake anapita pa tayala la thirakitala pamene panakhala a Tumpale, n'kuthamangira komweko. Anali mkamwini uja. Galimoto anabwereka kwa mnzake wa kutchalitchi.

Anagwada patsogolo pa apongozi ake n'kunena mawu pang'ono. A Tumpale anaimirira, anaponya manja m'mwamba, n'kuyamba kuvina pafumbi pomwepo, nthungululu ili pakamwa. Sipanafunike womasulira. Agogo anadumpha msewu osayang'ana n'komwe galimoto, n'kulowa m'bwalo, amayi onse a tomato pambuyo pawo. Mwana anali atabadwa dzulo lake, wamkazi, ndipo mayi ake anali bwino.

Ponyamuka, a Tumpale anandigwiranso nkhope n'kundiuza zinthu zambiri. Mkamwini anati akunena kuti tsopano ali ndi ana awiri a dzina limodzi. Pikapu itapita, anganga anatola pampu yawo, n'kuima kaye.

"Ndasaka Mnkhonde m'galimoto za KA mpaka khungu kusupuka," anatero, "iye n'kudzabwera pa nambala ya kwathu."

"Ndiye zilembo zanu zija n'zabodza," anatero agogo.

"Iyayi, Nangozo. Lole ija inali ya KA, ndipo ndi imene yatilozera njira. Zilembo sizinama, koma zimanena za galimoto yokha. Za munthu, um'funse mwini wake."

Sanasiye kupereka moni poyang'ana nambala. Anangowonjezera funso limodzi pambuyo pake: "Nanga inuyo kwanu n'kuti?"

Nkhani sinathere pamenepo. Mpunga utacha chaka chimenecho, lole yobuluu ija inaima pa chisakasa n'kutsitsa kathumba kochokera kwa a Tumpale, ndipo inkatero chaka ndi chaka mpaka iwo atamwalira. Agogo ankabweza mtedza ndi malambe. Nditasankhidwa kupita ku sekondale ku Blantyre, tchuthi chachifupi ndinkakathera ku Ndirande, kwa mnzanga wa dzina, amene ndinkamutchula kuti amayi aang'ono. Kamwana kaja, Tusayiwe, ndinakabereka kumsana, ndinakaphunzitsa kuwerenga, ndipo iko kanandiphunzitsa Chinkhonde chokwanira kupempha madzi ndi kukana kuwonjezeredwa nthochi. Anganga atamwalira, kalipentala uja anafika ku Phalula dzuwa lisanakwere, n'kunyamula nawo jeneza pamodzi ndi Asilamu a kumzikiti.

Lero ndine mphunzitsi ku Liwonde, ndili ndi ana anga. Chaka chatha Tusayiwe anapeza banja, ndipo chinkhoswe chinachitikira kumudzi kwa agogo ake ku Karonga. Ndinayenda tsiku lathunthu pa basi, ndipo paliponse pamene tinaima sindinalole dalaivala kunyamuka ndisanayang'ane mipando ya okalamba. Nditafika anandikhazika kutsogolo, pamphasa ya akuchikazi, pakati pa azakhali. Mkulu wina wa kuchimuna, poona nkhope yachilendo ndi kumva Chinkhonde changa chopunduka, anafunsa mwaulemu kuti mayi awa ndi ndani pabanjapo.

"Ndi mkulu wake wa mkwatibwi," anayankha mayi ake a Tusayiwe.

"Wa mimba ina?"

"Wa mimba ina, eya. Wa ku Phalula."

Mkulu uja anagwedeza mutu mokhutira, n'kupitiriza mwambo. Pa nthawi yolangiza mkwatibwi, woyamba kumuitana ndinali ine.